Zimene Magazi Amaulula za Mtima Wofooka

Mwandipatsa nthaŵi yoti ndilankhule za umoyo, ndipo ndasankha nkhani ya mtima. Sindinena za matenda onse a mtima ai, pakuti dzuŵa lingatiloŵere tili pano. Ndinena za nthenda imodzi, imene madotolo amaitcha kulephera kwa mtima, makamaka pamene yamgwira munthu mwadzidzidzi, ndiponso za kabotolo ka magazi kamene anamwino amatenga pa mkono wa wodwala tsiku limene wagonekedwa. Ambirife tagonapo pa mphasa m'mbali mwa bedi podikirira wodwala, ndipo taona kabotoloko kakupita. Koma ndi ochepa amene amafunsa chimene kabwera nacho.

Poyamba timvane za dzinali. Tikati mtima walephera sitikunena kuti waima. Ukugundabe, koma sukukankha magazi mokwanira, monga mjigo umene mphira zake zatha: mupopa mpaka thukuta, koma madzi angotuluka pang'ono. Magazi amene akadapita m'tsogolo amaunjikana m'mbuyo, ndipo madzi ake amayamba kudzaza m'mapapo, m'miyendo ndi m'mimba. Impso nazo zikaona kuti magazi akufika ochepa zimayesa kuti thupi lauma, tsono zimasunga mchere ndi madzi, ndipo katundu wa mtima amangoonjezeka. Ndiye muona munthu mapazi atatupa mpaka nsapato kukana, mukadina chala pa msongolo nkutsala kadzenje. Usiku sagona chagada, afuna mitsamiro itatu, kapena achezera pa mpando ali ŵefuŵefu.

Musaganize kuti iyi ndi nthenda ya nkhalamba za ku Ulaya. M'chaka cha 2012 madotolo otsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo anafalitsa zimene anapeza mwa odwala 1,006 ogonekedwa ndi nthendayi m'maiko 9 a kuno ku Africa. Pakatikati pa zaka zao panali zaka 52 zokha, ndiye kuti ambiri anali makolo amene akulerabe ana. Mwa odwala 100 alionse, 45 mtima wao unafooka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, BP imene timainyozera ija, ndipo 14 chifukwa cha zitseko za mtima zimene zinaonongeka ndi nthenda yoyamba ndi zilonda za pakhosi paubwana. Tsono gwirani chiŵerengero ichi, pakuti ndibwererakonso: amene anamwalira ali m'chipatala anali 4 mwa 100 alionse, koma pomatha miyezi 6 omwalira anali atafika pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Ambiri anamwalira atatuluka kale, ife titapereka mafuno abwino kuti achira.

Kodi magazi akuloŵapo bwanji pa nkhani ya mtima? Munthu wobanika akafika ku chipatala, dotolo amakhala ndi mafunso aŵiri. Loyamba ndi lakuti, kodi ndi mtima, kapena mphumu, chibayo, kapena chifuwa chachikulu? Pakuti zonsezi zimabanikitsa, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Lachiŵiri ndi lakuti, ngati ndi mtima, kodi wodwalayu ali pangozi yotani, lero ndi miyezi ikubwerayi? Maso ndi makutu a dotolo amayankha mbali yaikulu, koma magazi amaonjezapo zimene maso sangaone.

Kale anthu ophunzira ankayesa kuti mtima ndi mpope chabe. M'chaka cha 1981 Adolfo de Bold, mbadwa ya ku Argentina amene ankagwira ntchito ku Canada, anatenga kanyama ka zipinda zam'mwamba za mtima wa khoswe, nakapera, nabaya madzi ake makoswe ena. Posakhalitsa makoswe aja anayamba kukodza kwambiri, mkodzo wa mchere wambiri. Apa mpamene zinadziŵika kuti mtima umatumiza uthenga m'magazi. Ukadzazidwa mopitirira ndipo makoma ake akakokeka, umatulutsa timadzi touza impso kuti tayani madzi, ndalemedwa. M'chaka cha 1988 akatswiri a ku Japan anapeza timadzi tina ta mtundu womwewo mu ubongo wa nkhumba, natitcha BNP. Chilembo B chikuimira ubongo m'Chingerezi, ngakhale pambuyo pake zinaoneka kuti mwa munthu timachokera makamaka mu mtima. Dzina likamatirira silichoka, monga mudziŵa ndi maina a paubwana. Pali mbale wake wina wotchedwa NT-proBNP, chidutswa chimene chimaduka pamene BNP ikupangidwa, ndipo zipatala zina zimayeza ameneyu.

M'chaka cha 2002 Alan Maisel ndi anzake anafalitsa zimene anaona mwa anthu 1,586 amene anafika obanika m'zipatala za ku America, France ndi Norway. Anapeza kuti BNP ikakhala yosafika 100, kaŵirikaŵiri kubanikako sikuchokera ku mtima. Pa NT-proBNP malire ake ndi 300, ndipo malire otsimikizira kuti ndi mtima amakwera pamodzi ndi zaka: 450 kwa osafika zaka 50, 900 kwa a zaka 50 mpaka 75, ndi 1,800 kwa opitirira pamenepo. Sindikuyembekeza kuti muloŵeze manambala ameneŵa pamtima. Ndaŵatchula kuti muone kuti nambala imodzimodzi ingakhale yoopsa kwa mtsikana koma yosadabwitsa kwa agogo. Ndiponso mwa munthu wonenepa kwambiri BNP imatsika ngakhale mtima uli wodwala, pamene mwa wodwala impso imakwera. Chifukwa chake si bwino kutenga pepala la m'bale wanu nkukaliyerekeza ndi la wodwala wa bedi loyandikana.

Tsono pa funso lachiŵiri lija, la ngozi, a ku America anasonkhanitsa mbiri za odwala zikwi zambiri m'kaundula wotchedwa ADHERE. M'chaka cha 2007 anaonetsa kuti mwa odwala amene BNP yao pofika inali yosakwana 430, omwalira m'chipatala anali 2 mwa 100 alionse, pamene mwa amene inafika 1,730 kapena kupitirira anali 6. Chaka chotsatira anafalitsa za chinthu china chotchedwa troponin. Ichi chimakhala m'kati mwa minofu ya mtima ndipo chimatayikira m'magazi pamene minofuyo ikuvulala, monga ufa umene muuona panjira mudziŵa kuti thumba labooka. Odwala amene troponin yao inali yokwera, omwalira anali 8 mwa 100 alionse. Enawo sanafike 3.

Taonani bwino manambala ameneŵa, amai. Ngakhale m'gulu la BNP yokwera zedi, anthu 94 mwa 100 anatuluka amoyo. Magazi salosera tsiku la munthu. Amangouza dotolo kuti uyu asamchotse diso, agone pafupi ndi anamwino, asafulumire kumtulutsa. Ndanena izi chifukwa alipo achibale amene akangomva kuti magazi sanatuluke bwino ayamba kutumiza mauthenga kumudzi, ena mpaka kumtulutsa wodwala kuti akatsirizikire kwao. Kumeneko ndiko kumchotsa pa chithandizo pa nthaŵi imene akuchifuna koposa.

Mwina wina akuti, zonsezi nza zipatala za anthu olemera. Nzoona kuti kuyeza BNP ndi troponin nkodula, ndipo zipatala zambiri za kumidzi zilibe zipangizo zake. Koma mverani chimene a ADHERE omwewo anapeza m'chaka cha 2005, motsogozedwa ndi Gregg Fonarow. Anatenga zinthu 39 zimene zimalembedwa wodwala akafika, nafufuza kuti nziti zimene zimasiyanitsa bwino opulumuka ndi omwalira. Zimene zinapambana zinali zitatu, ndipo zonse nzotsika mtengo: urea, creatinine, ndi nambala yam'mwamba ya BP. Urea ndi creatinine ndi zinyalala zimene impso zimasefa nkuzitaya mu mkodzo, motero zikachuluka m'magazi ndiye kuti impso zikuvutika. Odwala amene urea yao, pa muyeso wotchedwa BUN, inali yosafika 43, ndipo BP yao inali 115 kapena kupitirira, omwalira anali 2 mwa 100 alionse. Koma amene BUN yao inafika 43, BP yosafika 115, ndi creatinine yofika 2.75, omwalira anali pafupifupi 22 mwa 100 alionse. Kusiyana kwake nkoŵirikiza kakhumi. Ndipo madotolo a ku Africa kuno aja, atabwerezanso kuŵerenga mbiri za odwala ao m'chaka cha 2013, anapezanso kuti kuvutika kwa impso, kuchepa kwa magazi ndi kachirombo ka HIV zinali pakati pa zinthu zosonyeza amene ali pangozi m'miyezi 6 yotsatira.

Ine ndimaona kuti pa zoyeza zonse, ya impso ndiyo yofunika kuti mai aliyense wodikirira wodwala mtima aidziŵe dzina lake. Mtima ndi impso zili ngati mwamuna ndi mkazi m'nyumba imodzi, wina akadwala mnzakeyo sagona tulo. Komanso mankhwala ambiri a mtima amadutsira ku impso. Furosemide, amene ambiri timamdziŵa ndi dzina la Lasix, amakodzetsa kuti madzi achoke. Enalapril ndi spironolactone amateteza mtima ndipo amatalikitsa moyo, koma angathe kukweza mchere wina wa m'magazi wotchedwa potassium, umene ukachuluka umasokoneza kagundidwe ka mtima popanda chenjezo. Dotolo sangaonjeze mankhwalaŵa mosaopa ngati sakuona creatinine ndi potassium. Dziŵaninso kuti pamene madzi akuchotsedwa creatinine imatha kukwera pang'ono, ndipo ngati wodwala akupuma bwino ndi kutupa kukuphwa, dotolo kaŵirikaŵiri sadandaula nazo. Chimene chimaononga impso mwakachetechete ndi mankhwala opha ululu amene timagula tokha pa golosale, a mtundu wa Brufen, diclofenac ndi Indocid. Agogo akadandaula maondo timathamangira amenewo mwa chifundo, osadziŵa kuti amasungitsa madzi m'thupi ndipo angabwezere wodwala mtima ku chipatala. Wodwala mtima akamva kuŵaŵa, funsani kaye ku chipatala chimene angamwe.

Ndifike pa mchere, pakuti apa ndi pamene ife a kukhitchini timasokonezeka. Pa pepala la zotsatira pamakhala mau akuti sodium, ndiwo mchere wa m'magazi, ndipo mwa munthu wabwinobwino umakhala pakati pa 135 ndi 145. M'kaundula wina wa ku America, wofalitsidwa m'chaka cha 2007, wodwala mmodzi mwa 5 alionse anafika ndi sodium yosakwana 135, ndipo mwa ameneŵa omwalira m'chipatala anali 6 mwa 100, pamene mwa enawo anali 3. Tsono mai wachikondi akamva dotolo akuti mchere wa m'magazi watsika, amathamanga kukathira mchere wambiri m'phala ndi m'ndiwo. Musatero ai! Mwa wodwala mtima, mcherewo sunathe. Thupi lasunga madzi ochuluka mwakuti mchere wasungunuka, monga msuzi umene mwaonjezamo madzi alendo atachuluka. Mukathiramo mchere wina, mcherewo uitana madzi enanso, ndipo mapapo adzaza. Chimene dotolo amachita kaŵirikaŵiri ndi kuchepetsa madzi akumwa ndi kukonza mankhwala. Ndipo poti tanena za mchere, kumbukirani kuti suli m'kambale ka patebulo mokha. Uli mu usipa ndi nsomba zouma zothira mchere, uli mu timabulu tokometsera ndiwo, ulinso mu soda amene timathira m'therere ndi m'nkhwani.

Za kuchepa kwa magazi sinditayapo nthaŵi, pakuti amai tonse tinayezedwapo haemoglobin ku sikelo. Magazi akachepa, mtima wofooka kale umayenera kuthamanga koposa kuti mpweya ufike m'ziŵalo. Malungo, njoka za m'mimba ndi kutaya magazi ambiri pa nthaŵi ya kumwezi zonse zimachepetsa magazi, ndipo zonse zili ndi chithandizo.

Tsopano ndibwerere ku chiŵerengero chija ndinati mugwire, 4 m'chipatala koma 18 pomatha miyezi 6. Chifukwa chiyani anthu amamwalira atatuluka? Chifukwa china nchakuti mapazi amaphwa msanga kuposa mtima. Wodwala aoneka bwino, adya nsima, aseka ndi alendo, koma m'kati mtima ukadali wolemedwa. M'chaka cha 2004 Paulo Bettencourt ndi anzake a ku Porto, m'dziko la Portugal, anayeza NT-proBNP mwa odwala 182 pofika ndi potuluka. Amene nambala yao inatsika ndi magawo 30 mwa 100 kapena kuposa ndiwo amene zinaŵayendera bwino. Amene siinatsike chotero, makamaka amene inakwera, ambiri anabwereranso m'chipatala kapena kumwalira isanathe miyezi 6. Ndiye kuti magazi a tsiku lotuluka amanena zambiri za m'tsogolo kuposa a tsiku lofika.

Madotolo ena anaganiza kuti, basi, tizingothamangitsa nambalayi mpaka itsike wodwala asanatuluke. A ku Netherlands anayesa zimenezo, ndipo zotsatira zao za m'chaka cha 2018 zinaonetsa kuti imfa ndi kubwerera m'chipatala sizinachepe. Nambala payokha siichiza munthu. Chimene chinathandiza chinaoneka m'chaka cha 2022, pa kafukufuku wotchedwa STRONG-HF, wotsogozedwa ndi Alexandre Mebazaa wa ku Paris, amene anachitika m'maiko 14, kuphatikizapo Mozambique, Nigeria ndi South Africa. Odwala 1,078 anagaŵidwa paŵiri. Gulu lina linatsata chizoloŵezi cha masiku onse. Gulu linalo linkabwerera ku chipatala patatha sabata imodzi, masabata 2, masabata 3 ndi masabata 6, ndipo ulendo uliwonse ankaŵapima thupi, kuŵayeza impso, potassium ndi NT-proBNP, nkumaŵaonjezera mankhwala mofulumira mpaka pa mlingo wokwanira. Pomatha miyezi 6, omwalira kapena ogonekedwanso anali 15 mwa 100 alionse m'gulu loonedwa pafupipafupi, ndi 23 m'gulu linalo. Kusiyanaku kunaoneka msanga mwakuti kafukufukuyu anaimitsidwa nthaŵi yake isanakwane. Mankhwala anali omwe aja odziŵika kale. Chachilendo chinali kubwerera msanga, ndi magazi otsogolera dzanja la dotolo kuti adziŵe poonjeza ndi poima.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikugwera m'manja mwathu, pakuti tsiku lobwerera ku chipatala salisunga ndi dotolo, timalisunga ndife. Tsikulo limagwa pa nthaŵi yopalira, kapena ndalama ya minibasi yasoŵa, ndipo wodwala mwiniwake anena kuti, ndili bwino ine, musavutike. Mwa masiku onse olembedwa m'kabuku ka kuchipatala, loyamba atatuluka lija ndilo losayenera kuphonya. Ngati pali ndalama yothandizira wodwala, ine ndikadakonda kuti ipite ku ulendo umenewu kusiyana ndi kugula zakumwa zozizira za alendo odzazonda.

Musanatuluke naye wodwala, funsani mwaulemu koma mosaopa. Nenani kuti, adokotala, kodi impso zao zili bwanji, nanga magazi ngokwanira, nanga tibwere liti kudzayezetsanso? Pemphani kuti zotsatirazo zilembedwe m'kabuku, pamodzi ndi kulemera kwa thupi kwa tsiku lotuluka, pakuti dotolo wa maŵa sangadziŵe ngati creatinine yakwera popanda kuona ya dzulo. Kabukuko musakasiye m'chikwama cha munthu wina. Kunyumba, ngati pali sikelo pafupi, wodwala azikwera m'maŵa asanadye. Akaonjeza makilogalamu 2 m'masiku 3 okha, amenewo si mafuta, ndi madzi, ndipo musadikire tsiku lolembedwa. Chimodzimodzi akayamba kufuna mitsamiro yambiri, mkodzo ukachepa, kapena akayamba kusokonezeka mutu. Ndipo mankhwala asalekedwe chifukwa kutupa kwatha.

Mau otsiriza ndi a inu apongozi ndi anamkungwi, amene mumasamala ana athu akachira. Pali mtundu wina wa kulephera kwa mtima umene umagwira mai m'mwezi wotsiriza wa pakati kapena m'miyezi yoyamba atabereka, ngakhale mai amene sanadwalepo mtima. Ku South Africa anaŵerengera kuti umagwira pafupifupi mai mmodzi mwa 1,000 alionse obereka, ndipo Karen Sliwa, dotolo amene anaufufuza zaka zambiri ku Soweto ndi ku Cape Town, anaonetsa ndi anzake kuti NT-proBNP imakwera kwambiri mwa amai otere, pamene mwa mai wobereka bwinobwino siikwera chotero. Vuto lake nlakuti zizindikiro zake timazizoloŵera. Mapazi otupa timati ndi mimba, kutopa timati ndi kuyamwitsa usiku, ndipo mtsikana akakanika kutunga madzi timamnena ulesi. Mai wa khanda amene akubanika akagona chagada, kapena akutsokomola usiku nkumadzuka kufuna mpweya, apite ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo womperekeza anene momveka kuti wabereka posachedwa ndipo tikupempha kuti mumuone mtima. Ambiri mwa iwo mtima umabwerera mwakale akalandira mankhwala msanga, koma asatenge pakati pena asanaonane ndi dotolo wa mtima.